Fred Hoyle, Katswiri wa Nyenyezi Amene Anakana Ciyambi

Kodi munamvapo fanizo la kamvuluvulu ndi ndeke? Limachulidwa kawirikawiri m'magulu athu a acinyamata pamene mkangano wa sayansi ndi cikhulupiriro wakolera. Wina amaimirira ndi kunena kuti munthu woganiza kuti moyo unangoyamba wokha ali ngati woganiza kuti kamvuluvulu angadutse potayira zitsulo zakutha, ndipo fumbi litatsika tipeze kuti walumikiza ndeke ya Boeing 747 yokonzeka kuuluka. Onse amaomba m'manja. Koma mutafunsa kuti fanizoli ndi la yani, oyankha angakhale owerengeka. Mwini wake anali Mngelezi wina dzina lake Fred Hoyle, ndipo likupezeka m'buku lake la mu 1983 lochedwa The Intelligent Universe. Munthuyu sanali mlaliki, ndipo sanali Mkristu. Anali katswiri wamkulu wa sayansi ya zakuthambo, amene kwa zaka zoposa 50 analimbana ndi ciphunzitso cakuti cilengedwe conse cinali ndi ciyambi. Popeza mumabwereka nkhwangwa yake, ndi bwino mudziwe mbiri ya mwini wake.

Ndipo ponena katswiri wa zakuthambo sitikunena aja a m'manyuzipepala amene amalosera za cikwati canu poyang'ana mwezi umene munabadwa. Tikunena anthu oyeza kuwala kwa nyenyezi ndi makina, ndi kuwerengera ndi masamu kutalika kwake, kutentha kwake ndi zimene zili m'kati mwake.

Hoyle anabadwa pa 24 June 1915 m'mudzi wa Gilstead, pafupi ndi tauni ya Bingley ku Yorkshire, kumpoto kwa England. Atate ake anali a malonda a nsalu za ubweya wa nkhosa, ndipo amai ake anali odziwa kuliza piyano. Ali mwana ankathawa sukulu kawirikawiri. Iye mwini anasimba kuti tsiku lina mphunzitsi anawauza kuti duwa lina lake lili ndi masamba asanu. Fred anathyola duwa la mtundu womwewo lokhala ndi masamba asanu ndi limodzi nabwera nalo m'kalasi, ndipo malipiro ake anali mbama ya kukhutu. Kuyambira pamenepo sanalolenso kuti munthu amuuze cinthu cifukwa cabe cakuti wonenayo ndi wamkulu. Khalidwe limeneli linamkweza, ndipo ndi lomweli limene pambuyo pake linamsokeretsa. Mu 1933 analowa pa yunivesiti ya Cambridge kukaphunzira masamu.

Wansembe amene anayamba nkhaniyi

Pamene Hoyle anali kusukulu ya sekondale, ku Belgium kunali wansembe wa Akatolika, Bambo Georges Lemaître, amene anamenyako nkhondo yoyamba ya dziko lonse asanadzozedwe unsembe mu 1923. Iwo anali akatswiri a masamu. Mu 1927, pogwiritsa nchito masamu a Albert Einstein, analemba kuti thambo lonse likufutukuka, ndi kuti milalang'amba, ndiko kunena magulu aakulu a nyenyezi mabiliyoni ambiri, ikutalikirana. Mu 1929 Edwin Hubble wa ku America anafalitsa miyeso yake yosonyeza kuti mlalang'amba ukakhala kutali kwambiri, umathawanso mofulumira kwambiri.

Kuti mumvetse, ganizirani mtanda wa buledi wothira yisiti, m'mene mwaikamo nshawa. Mtandawo ukamatupa, nshawa iliyonse imatalikirana ndi inzake, ngakhale palibe nshawa imene ikuyenda yokha. Tsono bwererani m'mbuyo. Ngati lero zinthu zikutalikirana, dzulo zinali pafupi, ndipo dzana zinali pafupi koposa. Mu 1931 Bambo Lemaître anafikitsa ganizoli pamapeto ake: kalekale zonse zinali pamodzi, zothinana koopsa, ndipo kucokera pamenepo ndi pamene thambo linayamba kufutukuka.

Akatswiri ambiri sanakondwere nazo. Ena anaona ngati wansembe walowetsa buku la Genesis m'masamu kudzera kukhomo la kuseri. Panalinso vuto lenileni la manambala. Miyeso ya Hubble inasonyeza kuti cilengedwe cili ndi zaka pafupifupi mabiliyoni awiri, pamene akatswiri a miyala anali kunena kuti dziko lathu lokha ndi lakale kuposa pamenepo. Kodi mwana angakule kuposa amai ake? Cotero munthu wokayikira za ciyambi m'zaka zimenezo sanali wopusa ai. Colakwa ca miyesoyo cinayamba kukonzedwa mu 1952, pamene Walter Baade anasonyeza kuti milalang'amba ili kutali kwambiri kuposa m'mene Hubble anayesera.

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse Hoyle anagwira nchito yokonza makina a radar a asilikali a pamadzi a Britain. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi Hermann Bondi ndi Thomas Gold, anyamata awiri obadwira ku Austria. Madzulo akaweruka ankakambirana za thambo, ndipo mu 1948 anatulutsa ciphunzitso cao cochedwa Steady State, kutanthauza cilengedwe cosasinthika. Anavomereza kuti milalang'amba ikutalikirana, koma anati m'mipata yotsalayo mumabadwa maatomu atsopano pang'onopang'ono, ndipo patapita nthawi yaitali maatomuwo amaunjikana ndi kupanga milalang'amba ina, monga mlimi amapakiza mbewu m'mapando m'mene cimanga sicinamere. Motero munda umaoneka wodzaza nthawi zonse. Thambo linalibe tsiku loyamba, ndipo silidzakhala ndi tsiku lomaliza. Wina akafunsa kuti maatomu atsopanowo akucokera kuti, Hoyle ankabweza funso: nanga inu amene mukuti zonse zinaoneka nthawi imodzi, zinacokera kuti?

Pa 28 March 1949 Hoyle analankhula pa wailesi ya BBC. Pofuna kuti omvera aone kusiyana kwa ziphunzitso ziwirizi, anachula ca adani ake ndi mau awiri a Cingelezi akuti big bang, amene tinganene kuti kuphulika kwakukulu. Anthu ambiri amati ananena monyoza, koma iye anakana, nati anangofuna cithunzi cimene womvera wailesi angacione m'maganizo. Caka cotsatira anakambanso nkhani zingapo pa wailesi yomweyo, zimene zinasindikizidwa m'buku la The Nature of the Universe. Anachuka m'dziko lonse la Britain cifukwa ca kafotokozedwe kake komveka ndi kalankhulidwe kake ka ku Yorkshire. M'nkhani yomaliza anagwa m'cipembedzo ndi kucinyoza, ndipo Akristu ambiri anakwiya naye. Sanabise kuti cina cimene ankadanira ndi ciphunzitso ca ciyambi ndi cakuti cinali kununkha zaumulungu.

Pa 22 November 1951 Papa Pius XII analankhula kwa akatswiri a sayansi ku Vatican, nanena mau osonyeza kuti sayansi yatsopanoyi ikucitira umboni za kulengedwa kwa dziko. Mungayembekezere kuti Bambo Lemaître anasangalala, koma iwo anavutika mumtima, ndipo anayesetsa kuti Papa asabwerezenso kulumikiza ziwirizi. Maganizo ao anali akuti masamu angasinthe mawa munthu akabwera ndi miyeso yatsopano, ndipo cikhulupiriro comangidwa pa masamuwo cingagwe nao limodzi. Anatinso ciyambi cimene sayansi ingafufuze ndi nkhani ina, ndipo kulenga kwa Mulungu, amene agwiriziza zonse nthawi iliyonse, ndi nkhani inanso. Taonani tsono m'mene zinthu zinakhalira: wosapembedza anali kukana ciphunzitso ca sayansi poopa Mulungu amene angabisale m'menemo, pamene wansembe anali kuletsa Papa kucisandutsa ulaliki. Anthu awiriwa sanali pa cidani. Mu 1957, utatha msonkhano wa akatswiri a nyenyezi ku Vatican, anayenda ulendo wautali m'galimoto imodzi pamodzi ndi mkazi wa Hoyle, Barbara.

Makala, magazi ndi mkuwa

Tisanafike pa kugwa kwake, tiyenera kumpatsa Hoyle ulemu wake, pakuti ndi waukulu. Funso linali lakuti: zinthu zimene dziko lapangidwa nazo, monga kaboni, okosijeni, citsulo ndi mkuwa, zinacokera kuti? Otsatira Big Bang, monga George Gamow, anayesa kusonyeza kuti zonse zinaphikidwa m'moto woyamba uja, koma masamu anawakanira. Motowo unazirala msanga utangopanga haidrojeni, heliyamu ndi tina tocepa. Hoyle, popeza analibe moto woyamba woti adalire, anakakamizika kufuna ng'anjo ina. Anaipeza m'kati mwa nyenyezi.

Panali mfundo imodzi yovuta kumasula. Kuti kaboni apangike, timitima titatu ta maatomu a heliyamu tiyenera kugwirana. Tiwiri tikagwirana timapanga cinthu cochedwa beryllium, cimene cimasweka nthawi yomweyo, kacitatu kasanafike. Mwa njira imeneyi kaboni akanakhala wosowa kwambiri. Koma kaboni ali ponseponse: m'makala a m'mbaula, m'nsima, m'thupi lanu. Hoyle anati, popeza kaboni alipo wambiri, payenera kukhala kanthu kena m'mtima wa atomu yake kamene kamafewetsa kugwiranako. Mukudziwa kuti mwana ali pa katungwe, mukamkankha pa nthawi yoyenera amakwera m'mwamba ndi mphamvu yocepa, koma mukaphonya nthawi mumangotopa cabe. Hoyle anawerengera kuti mtima wa kaboni uli ndi mlingo wa mphamvu wotero, ndipo anachula nambala yake, 7.68 pa muyeso wochedwa MeV.

Mu 1953 ali ku California anapita kwa William Fowler, katswiri wa maatomu pa sukulu ya Caltech, nampempha kuti aufune mlingowo. Fowler poyamba anakayika, pakuti mlendoyu anali munthu wa nyenyezi wofuna kuphunzitsa eni nchito. Koma gulu la Ward Whaling linayesa, ndipo linaupeza pamalo pamene Hoyle analoza. Miyeso ya masiku ano imati 7.65. Munthu anadziwa za m'kati mwa atomu asanazione, pongolingalira kuti iye mwini ndi wopangidwa ndi kaboni! Mu 1957 Hoyle, Fowler, Margaret Burbidge ndi mwamuna wake Geoffrey Burbidge anasindikiza nkhani yaitali yofotokoza m'mene nyenyezi zimaphikira zinthu zolemera, ndi m'mene zimazimwazira m'thambo zikamafa. Zimenezi zikuphunzitsidwa m'mayunivesiti kufikira lero. Citsulo ca m'magazi anu ndi mkuwa wokumbidwa ku Chingola ndi ku Kitwe zinaphikidwa m'nyenyezi zimene zinafa dzuwa lathu lisanabadwe.

Phokoso limene silinathe

Ciphunzitso ca Steady State cinali ndi ubwino umodzi: cinali cotheka kuciyesa. Kuwala sikufika nthawi yomweyo. Kwa dzuwa kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu kuti kutipeze. Tsono kuyang'ana kutali m'thambo kuli ngati kuwerenga kalata imene inacedwa m'njira: mbiri imene muli nayo ndi yakale. Ngati thambo silisintha, zakutali ziyenera kufanana ndi zapafupi. Pa Cambridge pomwepo panali Martin Ryle, amene anali kuwerenga milalang'amba yotulutsa mafunde a wailesi. Mu 1961 analengeza kuti kutali ilipo yambiri kuposa pafupi, kusonyeza kuti thambo lakale linali losiyana ndi la lero. Hoyle ndi Ryle sankamwerana madzi, ndipo mkangano wao unafika m'manyuzipepala.

Nkhonya yaikulu inacokera kwa anthu amene sanali kufunako nkhondoyi. Mu 1964 Arno Penzias ndi Robert Wilson a kampani ya Bell anali kukonza mlongoti waukulu wa wailesi wooneka ngati lipenga ku Holmdel, m'cigawo ca New Jersey ku America. Anali kumva kaphokoso kosatha, usana ndi usiku, kulikonse kumene analozetsa mlongotiwo. Anapeza kuti nkhunda zamanga cisa m'kati, nazicotsa, nakolopa zitosi zake. Kaphokoso kanakhalabe. Akatswiri a ku Princeton, Robert Dicke ndi Jim Peebles, ndi amene anawamasulira kuti ameneyo ndi mthukuta wotsala wa moto woyamba, monga phulusa limakhala lofunda m'mawa pamene moto unazima usiku. Ralph Alpher ndi Robert Herman anali atalosera za kufunda kumeneku mu 1948, koma anthu anaiwala. Lero kwazirala kufika madigiri 270 pansi pa ziro. Nkhaniyi inasindikizidwa mu 1965, ndipo Bambo Lemaître anaimva ali odwala, asanamwalire pa 20 June 1966.

Bondi anavomera kuti ciphunzitso cao cagwa. Dennis Sciama, amene anacikonda kwambiri, anacisiyanso poyera. Hoyle anakana. Codabwitsa n'cakuti masamu ake omwe anali kumtsutsa. Mu 1964 iye ndi Roger Tayler anasonyeza kuti heliyamu m'thambo ndi woculuka kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a kulemera kwa zinthu, kotero kuti nyenyezi wamba sizikanatha kumphika yense. Mu 1967 iye, Fowler ndi Robert Wagoner anawerengera bwino lomwe zimene moto wotentha ngati wa Big Bang ungaphike, ndipo nchito imeneyo inakhala umodzi wa mizati ya nyumba imene iye anali kufuna kugwetsa.

Mu 1972 Mfumukazi ya Britain inampatsa ulemu wa Sir, koma caka comweco anatula pansi udindo wake ku Cambridge atakangana ndi akuluakulu a yunivesiti, napita kukakhala kumapiri a Lake District. Kwa ine, apa ndi pamene zinthu zinapotoka. Ku Cambridge anali ndi anzake omutsutsa pa tebulo la tiyi tsiku ndi tsiku. Kumapiri kunalibe womugwira dzanja. Pakamwa pake panakhalabe posaopa. Mu 1975 anadzudzula poyera opereka mphotho ya Nobel cifukwa cosiya Jocelyn Bell, mtsikana wophunzira amene anayamba kuona nyenyezi zochedwa pulsar, ndi kupatsa mphothoyo mphunzitsi wake. Mu 1983 Fowler analandira Nobel cifukwa ca nchito ya kuphikidwa kwa zinthu m'nyenyezi, ndipo Hoyle, amene anayambitsa nchitoyo, anasiyidwa. Akatswiri ambiri amaona kuti pamenepo anamlakwira.

Cimfine cocokera kumwamba

Pamodzi ndi wophunzira wake wakale, Chandra Wickramasinghe wa ku Sri Lanka, Hoyle anayamba kuphunzitsa kuti moyo sunayambire pa dziko lapansi koma unagwa kucokera m'thambo, utanyamulidwa ndi nyenyezi za mcira. Poyamba ananena kuti m'fumbi la pakati pa nyenyezi muli zinthu za kaboni zonga zimene zimamanga zamoyo, ndipo pamenepa anali pafupi ndi coonadi, pakuti zotere zapezekadi. Koma anapitirira, nati fumbilo ndi tizilombo touma. M'buku la mu 1979 lochedwa Diseases from Space ananena kuti miliri imagwa kucokera kumwamba, ndi kuti cimfine kwenikweni sicipatsirana pakati pa anthu. Anachula mliri wa cimfine wa mu 1918 ngati citsanzo.

Mbiri ya kuno kwathu ikumtsutsa. Mliri umenewo unafika kum'mwera kwa Africa pa zombo zimene zinakoceza ku Durban ndi ku Cape Town mu September 1918. Kucokera kumadoko unakwera sitima ya pamtunda, nufika ku Kimberley, ku Bulawayo, ndipo caka cisanathe unali utawoloka Zambezi kulowa m'dziko lino, limene panthawiyo linali Northern Rhodesia. Unafika m'midzi ndi anthu obwerera kucokera kumigodi ndi kunkhondo. Matenda ogwa kumwamba ngati mvula sangatsate njanji. Ndipo ciphunzitso cotere si nthabwala cabe, cifukwa munthu wokhulupirira kuti matenda sapatsirana sadzaona cifukwa cotsekera pakamwa potsokomola kapena copatula wodwala.

Mu 1985 anaponyanso mwala wina. Ku nyumba yosungiramo zakale ya Natural History Museum ku London kuli mwala wopezeka ku Germany mu 1861, wokhala ndi mafupa a colengedwa cochedwa Archaeopteryx, cimene cinali ndi nthenga ngati mbalame, koma mano ndi mcira wa mafupa ngati buluzi. Hoyle ndi anzake ananena kuti ndi cinyengo, kuti munthu anamata simenti pamwalapo ndi kudindapo nthenga. Akatswiri a nyumbayo, motsogozedwa ndi Alan Charig, anayankha mu 1986. Mwalawo unang'ambidwa pawiri ngati buku, ndipo anasonyeza timing'alu tating'onoting'ono todutsa m'nthenga momwemo, tofanana ndendende pa mbali zonse ziwiri, zimene womata simenti sakanatha kupanga. Miyala inanso ya colengedwa comweco yokhala ndi nthenga ilipo. Hoyle sanabweze mau ake.

Ndi m'zaka zimenezi pamene fanizo la ndeke linabadwa. Akatswiri a zamoyo amayankha kuti palibe pakati pao amene amaphunzitsa kuti camoyo cinalumikizika conse nthawi imodzi ngati ndekeyo. Iwo amanena za masinthidwe ang'onoang'ono osungika m'mibadwo yosawerengeka. Mukapita nalo fanizoli kwa mnzanu wophunzira biology ku UNZA, yembekezerani yankho limenelo. Dziwaninso kumene mwini fanizo anali kupita nalo. N'zoona kuti nkhani ya kaboni ija inamgwedeza, ndipo analemba kuti malamulo a cilengedwe akuoneka ngati anachunidwa dala ndi nzeru ina yoposa ya munthu. Koma nzeru imene iye ankanena inali ya m'kati mwa thambo lomweli, yofesa tizilombo m'mlengalenga, yosadziwa dzina la munthu aliyense ndi yosamva pemphero. M'buku lomwe lija la fanizo la ndeke analemba mosabisa kuti iye si Mkristu.

Kumbali ya Big Bang umboni unapitirira kuunjikana. Makina ochedwa COBE, oponyedwa m'mlengalenga mu 1989, anayeza kufunda kotsala kuja napeza kuti kukugwirizana ndi masamu mosaphonya, ndipo mu 1992 anaona timawanga tosonyeza pamene milalang'amba inayambira kuundana. Miyeso ya pambuyo pake imapatsa cilengedwe zaka mabiliyoni 13.8. Hoyle anayankha mu 1993, pamodzi ndi Geoffrey Burbidge ndi Jayant Narlikar wa ku India, ndi ciphunzitso cokonzedwanso: thambo losayamba, limene limafutukuka ndi kukhwinyata mobwerezabwereza. Za kufunda kuja anati ndi kuwala kwa nyenyezi zakale kumene kwamwazidwa ndi tizitsulo tonga singano toyandama m'thambo. Owatsatira anali ocepa kwambiri. Komabe mu 1997 dziko la Sweden linampatsa mphotho ya Crafoord, pamodzi ndi Edwin Salpeter, cifukwa ca nchito yake ya nyenyezi.

M'caka ca 2000 atatuwo anatulutsa buku la A Different Approach to Cosmology, ndipo m'menemo anaikamo cithunzi ca atsekwe oyenda mondondozana, kufanizira akatswiri anzao onse. Hoyle anamwalira ku Bournemouth pa 20 August 2001 ali ndi zaka 86, akukanabe. Mu 2018 bungwe la akatswiri a zakuthambo a dziko lonse linavota kuti lamulo la kufutukuka kwa thambo, limene linkadziwika ndi dzina la Hubble yekha, lizichedwa la Hubble ndi Lemaître. Nanga dzina lija la pa wailesi? Mu 1993 magazini ya ku America yochedwa Sky & Telescope inacititsa mpikisano wofuna dzina lina labwino m'malo mwa Big Bang. Maina oposa 13,000 anatumizidwa kucokera kumaiko 41, ndipo oweruza atawawerenga onse sanapezepo loposa limene Hoyle anachula mu 1949.